Kahatchi Kosagwirika ka Malemu Bambo

Lolemba, 4 Ogasiti

Abwana sakudya. Ndikunena kahatchi ka malemu bambo. Dzinalo anapereka okha, poti chibadwire sikanagwirepo ntchito. Chotupa cha pansi pa nsagwada chafika ngati chibakera. Udzu kakungotafuna n'kulavula. Ziboda zakutsogolo zapindika, kuyenda ngati kakuponda minga. Nthiti zonse pamtunda.

Bambo anakatenga kwa munthu wina amene ankakamenya ndi tcheni. Zaka zonsezi palibe anakakhudzapo, ngakhale iwo amene. Ankangoti, "Kasiyeni, kanaona zokwanira." Ukangoyandikira, maso tuzu, thupi lonse kunjenjemera, uko kathawira kumapeto kwa mpanda.

Achimwene pafoni: "Kamangeni, kakwere lole, kapite kophera nyama. Nkhani yatha." Munthu woti chimwalirireni bambo sanakatungireko madzi ndi tsiku limodzi lomwe!

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kunabwera adokotala a ziweto. Mayi wamfupi, jombo zong'ambika, wosathamanga polankhula. Anaima patali n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kuchira ayi. Kakalamba, ndipo nyama yosagwirika sungaipatse chithandizo cha tsiku ndi tsiku.

Njira akuti zilipo. Jakisoni wa mumtsempha wa pakhosi, koma ameneyo amafuna nyama itaima phee, munthu ataigwira. Mfuti, m'manja mwa katswiri wachilolezo, iko kali pakudya kosadziwa kanthu. Yachangu, koma kakadzidzimuka iye n'kuphonya, ndiye zoopsa. Apo ayi mankhwala ogonetsa m'chakudya kaye, kakalefuka ndiye jakisoni. Za lole anangopukusa mutu: "Kangafe ndi mantha kasanafike n'komwe."

Ndasankha yotsirizayo. Akuti ndiyambe kukazoloweza kudyera m'ndowa, pamalo amodzimodzi, ine ndili chapafupi.

Lachinayi, 7 Ogasiti



Ine ndili kuntchito, achimwene abwera ndi lole ndi amuna a zingwe. Osandiuza. Akathamangitsa mpanda wonse. Kadziponya pa waya waminga, chifuwa chang'ambika, kadzuka, kagwanso. Aneba atatsamira mpanda, mafoni m'mwamba, kuseka ngati kuli mpira. Alamu, akazi a achimwenewo, akuti anali m'galimoto, magalasi otseka, kuopa fumbi.

Ndafika lole itabwerera yopanda kanthu. Magazi pa udzu. Chingwe choduka chili lende pamtengo.

Achimwene akuti, "Timafuna tikuchepetsere ntchito, iwe." Kundichepetsera! Ndawayankha mawu oti sindingawalembe muno. Geti ndakhoma ndi loko.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Ndowa sikakuiyandikira. Kangoima pakona, mutu kumpanda, ntchentche ng'waa pabala. Bala ndikuliona ndi maso angawa, mankhwala otsukira ali m'manja, koma ndikasuntha phazi kakufuna kudziponyanso pa waya. Ntchito ya achimwene imeneyo.

Alamu alemba pa gulu la banja la pafoni kuti anthu ena akulira hatchi kuposa mmene analirira bambo awo. Iwowo, amene pamaliro ankanong'oneza anthu kufunsa kuti firiji atenga ndani!

Ndinalemba yankho. Ndafufuta. Ndalembanso. Ndafufutanso.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndikaweruka ndimakakhala pa chitsa, nditakafulatira, n'kumaluka. M'ndowa madeya onyowetsa, shuga pang'ono. Lero ndinamva kupuma kumbuyo kwanga, kenako ndowa gobede gobede. Sindinacheuke. Khosi linauma, mwendo unachita dzanzi, koma sindinacheuke.

Chikundiwawa n'chakuti ndikukanyengerera kuti kandikhulupirire, cholinga ndikaphetse. Ndinawauza adokotala pafoni. Iwo: "Kufa kafa basi, mayi. Inu mukungokachotsera mantha pa tsikulo." Kaya.

Loweruka, 16 Ogasiti

Zatheka.

M'mawa, kusanatenthe. Adokotala anasiya galimoto kumsewu n'kubisala kuseri kwa shedi. Mankhwala ndinasakaniza ndekha. Kananunkhiza, kanabwerera m'mbuyo. Kenako kanadya. Tinadikira. Mutu unayamba kulemera, mlomo wapansi lende, miyendo tang'a.

Adokotala anabwera chammbali, pang'onopang'ono, osakayang'ana m'maso. Anandikodola. "Ikani dzanja apa." Ndinaika pakhosi. Kufunda kwake! Ubweya wokhakhala, wodzaza chisoso. Khungu linanjenjemera kamodzi, basi. Sikanathawe. Jakisoni. Kanagwada, kanagona chammbali, mpweya umodzi wautali. Adokotala anamvetsera pachifuwa n'kugwedeza mutu.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kumathothola chisoso chija m'khosi mwake. Sindikudziwa kuti ndinkathotholeranji. Adokotala sanandifulumize.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Wa thirakitala yokumbira amene ndinapangana naye za dzenje sanabwere, dzulo ngakhale lero. Foni yothima. Anthu ake ndi omwewa, kulonjeza ndi pakamwa ponse. Ndinakafunditsa lona, miyala m'mbali. Agalu ayamba kuzungulira.

Masana ndikumva khasu kumpanda. Kusuzumira, achimwene. Jekete la kutchalitchi alikoleka pamtengo, akukumba okha. Nthaka youma gwa. Moni sanandipatse, inenso sindinawapatse. Matuza aphulika m'manja, mpini wachita kufiira. Mphepo itakweza lona anaona bala la pachifuwa lija. Anaima, anayang'ana kumbali, n'kupitiriza kukumba.

Mawu ndinali nawo ambiri, sabata yonse ndakhala ndikuwanola. Ndinangowatengera madzi. Anamwa, anabweza kapu, maso pansi. "Fosholo ilipo, mlongo?"

Ilipo. Ndinakatenga, ndinalowa nawo m'dzenjemo. Takumba mpaka msana kuwawa. Koma asaganize kuti poti akumba ndiye kuti ndawakhululukira.