Khomo Lonong'ona

Lolemba, 3 Juni

Tasesa m'tchalitchi ndi azakhali. Kwabwera amisiri odzamata ming'alu pa khomo lakale la m'mbali, lija lopindika ngati uta. M'buku muno ndiziwatchula kuti aM. Anandipatsa moni, ine ndinangoyang'ana tsache. Azakhali akuti, "Musadabwe bambo, ameneyu pakamwa anasiya m'mimba mwa mayi ake." Anaseka onse awiri.

Ntchito yawo itha Loweruka, kenako apita kwina.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndimakonda mmawa, muli ine ndekha. Dzuwa likalowa pa magalasi a mitundu, pansi pamagwa zofiira ndi zobiriwira, ndipo ndimakolopa mozilambalala ngati zingachoke. Denga ndi lalitali, mitengo yake ngati nthiti za ng'ombe. Njerwa sizofanana. Ina kuseri kwa guwa ili ndi zala zitatu za amene anaiumba. Ndinaikapo zanga. Zake zinali zazing'ono. Mwina analinso mtsikana wosayankhula.

AM. amaimba mluzu ali pamakwerero. Nyimbo yake imodzi yomweyo.

Lachitatu, 5 Juni

Anandiitana: "Achemwali, tadzaonani."

M'mwala wa khomo lija muli kangalande kakang'ono, koyambira mbali ino, kukwera pamwamba, n'kutsikira mbali inayo. Ine ndinkayesa mng'alu. AM. akuti anamva kwa akatekisiti kuti kale odwala khate sankaloledwa kulowa. Wodwala ankaima mbali imodzi n'kunong'oneza machimo ake m'kangalandemo, wansembe ali mbali inayo, khutu pamwala. Pano akomiti akufuna katsekedwe chifukwa mavu amamangamo.

"Imani uko, gunditsani khutu."

Mwala unali wozizira. Kenako mawu, pafupi zedi, ngati ali m'mutu mwanga: "Mukundimva?"

Ndinathawira ku ndowa yanga. Madzi ndinataya theka.

Lachinayi, 6 Juni

Sanabwere, akuti akagula laimu. Ndinanong'oneza dzina langa m'mwalamo. Kaya linakagwera pati.

Ndikuganiza za anthu aja. Mvula ikugwa, iwo panja, pakamwa pakhoma. Kaya pochoka ankapepukidwa.

Lachisanu, 7 Juni

Anakanda simenti, n'kuima mbali yawo osandiyang'ana. Ndinadziwa. Ndinaika khutu.

"Nditseke kapena ndisiye?"

Ndinayang'ana mwala wokhawokha. Ndinati, "Musatseke."

"Kani mumayankhula? Ndimayesa Mulungu anaiwala kuikamo mawu."

Ndinaseka, ndipo akuti kuseka kwanga kunawagwera m'khutu ngati mchenga. Ndinawauza za njerwa ya zala. Za mayi, amene ankakhala benchi yachitatu asanamwalire. Za kuti kusukulu ndinalekeza chifukwa choopa kuwerenga pamaso pa anthu. Sindinanenepo zambiri chonchi kwa munthu. Munthu ukamayankhula ndi mwala, mawu satsamwa.

Simenti inauma m'wilibala. Akatekisiti anakalipa, aM. anapepesa, nati achotsa mavu koma kangalande sakakhudza.

Poweruka ananong'onezanso: "Mawa ndikupita. Khomo ili sindingalinyamule pamutu, achemwali. Ndikakumana nanu panjira, tidzatani?"

Ndinatola ndowa yanga n'kulowa mkati.

Loweruka, 8 Juni

Ndinalota khomo lija likuyenda lokha mumsewu, likunditsatira ngati ng'ombe yoweta.

Masana zida zawo zinali zomangamanga kale. Anaima mbali yawo, khutu pamwala, akudikira. Ndinaima mbali yanga. Kenako ndinasiya mwala, ndinadutsa pakhomo, ndinakaima patsogolo pawo penipeni. Ali ndi chipsera chaching'ono pachibwano. Sindinkadziwa.

Ndinati, "Mudzabweranso?"

Timawu tochepa, koma tanga.

Anachotsa khutu pakhoma pang'onopang'ono. Linali loyera ndi laimu. "Bwerezani," akutero, "ili lazolowera mwala."

Ndinabwereza, mokwezako. Mkati mwa tchalitchi tsache la azakhali linasiya kulira.