Makompyuta Asanu a Aphunzitsi Msampha

Mitundu,
9 Febuluwale, 2025.

Okondedwa achimwene a Kondwani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Karongako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga cha amayi chamasula, koma ine mtima suli m'malo. Nkhaniyi yandikanika kuinena pa foni, n'chifukwa chake ndalemba.

Paja mukudziwa kuti bungwe lomwe ndimagwirako ntchito linapereka makompyuta m'masukulu khumi ndi awiri a kuno ndi ku Nathenje. Poti sindingathe kuzungulira monsemo, ndinalemba kapulogalamu komwe tsiku lililonse, thu koloko masana, kamafunsa makompyuta onse kudzera pa netiweki ngati ali oyaka. Kompyuta ikakhala chete, kamailembera kuti sikugwiritsidwa ntchito. Ndinkayenda nako modzitama, matama anga aja mukuwadziwa.

Chiyambire Disembala, makompyuta asanu a sukulu imodzi anangoti zii. Ndi kwa aphunzitsi a Efulemu Msampha, omwe aja anatiphunzitsa masamu, amene anandisunga pakhomo pawo chaka chomwe bambo anatisiya. Abwana ataona lipoti anati katunduyo akungokhala, galimoto ikamutenge Lachisanu likudzali apite kusukulu ina. Analembanso kalata yopita kwa akuluakulu a maphunziro, yonena kuti a Msampha amangokiya chipinda, ana osaphunzira. Munthu woti kwangotsala chaka chimodzi kuti apume pantchito.

Ine ndinayamba ndakayikira kapulogalamu kanga. Ndinaonanso maadiresi a makompyuta asanuwo, onse ali bwinobwino. Ndinawonjezera nthawi yodikira yankho kufika mphindi yathunthu, poganiza kuti netiweki ndiyo ikuchedwa, koma ayi ndithu. Ndinawafunsa imodziimodzi, chimodzimodzi. Zonsezi ndinkachita masana nditabwera ku nkhomaliro, ndipo za nthawiyo sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi mpaka pa Nathenje, kenako kabaza. Ndinafika cha m'ma leveni, n'kupeza ana atatuatatu pa kompyuta iliyonse, akusinthana kulemba. Mitambo itangoyamba kuda cha ku Nkhoma, aphunzitsi anatulutsa anawo, n'kuzimitsa zonse. Anazula mawaya kukhoma, ngakhale a kabokosi ka netiweki, kenako anafunditsa kompyuta iliyonse chitenje. Anandiuza kuti amatero tsiku lililonse m'dzinja, dzuwa likangofika paliwombo, chiyambire pomwe mphenzi inawotcha zokuzira mawu kutchalitchi kwawo. Ati katundu wochita kupatsidwa sasewera naye.

Achimwene, ndinachita manyazi osaneneka. Munthu wosamala kuposa onse ndiye amene kapulogalamu kanga kamamulemba ulesi, chifukwa choti ndinasankha ola loipa ndili khale pampando wa mu ofesi. Potsanzikana anandifunsa kuti, "Mwana wanga, poti iwe uli komweko, kodi ndani akunena kuti ana angawa saphunzira? Bwanji osabwera kudzaona?"

Ndinawayankha kuti ndi makina. Anangogwedeza mutu, n'kundipatsa mapeyala anayi oti ndikadye ndi amayi. Sindinadyeko ngakhale limodzi.

Kapulogalamu ndinakakonza tsiku lotsatira. Tsopano kamafunsa katatu, kuyambira m'mawa, ndipo makompyuta asanu onse akuyankha. Kakasowa yankho kamangolemba kuti sikanayankhidwe, basi. Koma abwana sindinawauze mpaka lero. Lipoti lija analiyamikira pamaso pa azungu otithandiza, ndipo kontirakiti yanga ikutha mwezi wamawa. Masiku atatu ndakhala ndikuwapatsa moni pakhomo la ofesi yawo n'kudutsa, ndikudziwa kuti galimoto ya Lachisanu ikadali pandandanda. Ndikuopa, sindikubisirani.

Mawa m'mawa ndikalowa, ndikawauza kuti cholakwa n'changa, ndipo ndikapempha kuti kalata ija ailondole ndi ina yoyeretsa dzina la aphunzitsi. Akakana kubweza galimoto, Lachisanu akandipeza nditaima pakhomo la chipindacho. Ntchito ikatha ndidzakuuzani ndekha. Amayi musawauze kaye, paja bipi yawo ija sichedwa kukwera. Mundikumbukire m'mapemphero.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rozina ndi ana. Amayi akuti mubwere pa Pasaka. Aphunzitsi nawonso akupereka moni, ndipo anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisaiwale kukuuzani mawu awa: "Kondwani asadandaule za mlongo wake, ndinalera mwana wosadziwa kunama."

Ndalemba monga momwe ananenera. Ndikachoka kwa abwana, ndipita ku Nathenje kukawauza aphunzitsi dzina la makina aja.

Ndine mlongo wanu,
Tamanda.