Timapulasitala ta Kuseri kwa Khutu

Mtiya, Zomba
14 Julayi 2024

Okondedwa achimwene a Justus,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi momwe anatiphunzitsira kusukulu, musatengeke nazo. Kuno tadzuka, ngati n'zoti mumafuna kudziwa.

Phukusi lanu lochokera ku Joni linafika. Ine ndimati muli bulangete la amayi poti kuno kukuzizira, koma kutsegula ndinapeza timapulasitala tomata kuseri kwa khutu, toletsa kusanza pa ulendo. Zaka zonsezi mwakhala mukuwaitana amayi kuti akakhale nanu, iwo n'kumakana kuti basi sangaithe, poti ngakhale pa minibasi ya ku Limbe amafika atadzaza jumbo. Ndiye mwakhala pansi ndi akazi anu a Monalisa, mwapeza nzeru yowatsekera pakamwa. Mwachita bwino, anthu a kunja.

Tisabisane, mukufuna wolera mwana. Chimwalirireni abambo, wowaperekeza amayi kuchipatala ndine, wowasisita miyendo ikatupa ndine. Inu mumaimba foni pa Khirisimasi n'kumafunsa ngati mvula yagwa.

Ndimafuna ndikataye m'chimbudzi timapulasitala tanuto, koma amayi anandiona nditatigwira. Anati, "Iwe Perpetua, tiyese kaye. Ngati n'zabodza, tiwauze achimwene akowo asiye kudzivutitsa." Ndinapita kukafunsa kuchipatala ndikuyembekeza kuti aletsa chifukwa cha bipi yawo ija. Sanaletse. Ndiye ndinasankha dala msewu wokwera kuphiri, wokhotakhota uja, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti sitifika n'komwe pakati.

Loweruka m'mawa ndinawamata kamodzi, masana tinakwera takisi ya a Yunus. Ndinatenga majumbo ndi ndimu monga mwa nthawi zonse. A Yunus amawadziwa amayi, moti anayala manyuzipepala pampando akudandaula kuti, "Mayi, galimotoyi ndatsuka dzulo, mukangomva zikubwera mundiuze ndiime."

Makona onse aja tinadutsa. Amayi anali pawindo, kuloza tawuni kumunsi, kufunafuna denga la tchalitchi chathu. Pafupi ndi damu la Mulunguzi anagula masitiroberi n'kumadya galimoto ikuyenda, eti mpaka kuyambitsa nyimbo ya ku Mvano. Jumbo ndinagwiritsa ntchito ndine.

Potsika anandifunsa kuti, "Moti ku Joni n'kungokhala pansi chonchi, basi wafika?" Anandigwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga uja ndikufuna ndimunyamuleko ndisanafe. Usandikwiyire, mwanawe."

Achimwene, zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Zaka zonsezi ine ndimati kusanzako n'chonamizira chabe, amakana chifukwa safuna kundisiya ndekha m'nyumba muno. Ndimayenda modzitama mu Mtiya monse kuti amayi anasankha ine. Kani kunali kusanza basi. Zimenezi ndikanafa osazidziwa pakanapanda timapulasitala tanuto, ndipo sindikuthokozani.

Mwawina. Chitenje apereka kale kwa atelala, ndipo azimayi anzawo onse amva kuti akupita. Koma mubwere nokha mudzawatenge, musandiuze zowasiya m'manja mwa kondakitala ngati thumba la mpunga.

Poti simudziwa kanthu za iwo, mverani. Manja awo amanjenjemera, sangadzimate okha. Muwapukute kuseri kwa khutu paume, muwamate nthawi ikadalipo, osati basi italiza kale injini. Mukatero musambe m'manja musanagwire m'maso. Kapulasitalako kamaumitsa kukhosi, ndiye madzi akhale pafupi, ndipo muziwapatsa musanapemphedwe chifukwa iwo sapempha. Kamawodzeretsanso. Akagona amatsamira kumanzere, ndiye inu mukhale mbali imeneyo, phewa lanu ligwireko ntchito kamodzi. A Monalisa muwauze kuti tiyi wa amayi sathira shuga, ngakhale atanama kuti adokotala analola.

Mwanayo mumupatse moni, iye sanandilakwire. Enanu moni ndilibe.

Mukadzatsegula kabokosi ka timapulasitalato mudzapeza kena kamodzi kakusowa, kupatula komwe tinayesera kaja. Musawafunse amayi, ndatenga ine, ndipo ndakasunga m'Baibulo. Paja nanenso basi imandizunguza mutu. Tsiku lomwe ndidzamve pafoni kuti mawu awo asintha, ndidzadzimata ndekha, ndipo mudzandipeza pageti panu ndi chikwama chawo, nditabwera kudzawatenga.

Ndine mlongo wanu wotsala yekha,
Perpetua