Kabokosi kofiira ka amayi

Lachiwiri

Amayi 07:12
mwanawe taona pic. bere lomwe ankaliwotcha ndi makina a khansa chaka chatha lija. ndadzuka lili psuu

Chisamba 07:13
mami muzichenjeza kaye 😭 ndili mu minibus, abambo apambali panga aona zonse

Amayi 07:13
poti aona anene nchiyani

Adadi 07:15
ine ndanena kale. anagonera phone. taona makona anayi bwinobwino ngati kabokosi

Amayi 07:16
phone yanga njaing'ono

Adadi 07:16
ndiye remote

Chisamba 07:18
kapena munasita blouse mutaivala?

Amayi 07:19
ndinapanga kamodzi kokha inu simuiwala

Chisamba 07:19
pakuyabwa?

Amayi 07:20
ngati nyerere zili pa msonkhano

Amayi 07:34
kapena yabwereranso

Amayi 07:52
ndaona mwawerenga nonse awiri

Adadi 07:53
ndikuvala nsapato mayi. tiyeni kuchipatala

Chisamba 07:54
ok. plz musapake chilichonse

Adadi 07:55
🎤 0:11

Chisamba 07:56
TOOTHPASTE adadi??

Adadi 07:56
imaziziritsa

Chisamba 10:30
mwalowa?

Chisamba 11:05
mami

Chisamba 11:06
adadi yankhani inu

Adadi 11:41
dokotala waona wakaitana mnzake. mnzakeyo wakaitana ma student. pano alipo 7

Chisamba 11:41
mayo ine. zaipa??

Adadi 11:43
kaya. mai ako akuwauza aime pa mzere

Amayi 12:20
si khansa mwanawe

Amayi 12:22
akuti radiation recall. ma antibiotic a chifuwa ndinayamba Lamlungu adzutsa khungu, lakumbukira pomwe makina ankawomba. nchifukwa chake makona. akuti sizioneka kawirikawiri

Amayi 12:23
andisinthira mapiritsi, andipatsa cream, ndibwerenso pakatha 2 wks. student wina wati thank you madam. ndamuuza akhoze mayeso

Chisamba 12:24
🎤 0:38

Amayi 12:27
sindikumva kanthu, mamina okhaokha. ukulirira kuti?

Chisamba 12:27
mu toilet ya ku ntchito

Amayi 12:28
pukuta ubwerere abwana asakufune. ine ndili bho

Amayi 12:49
khungu langa likukumbukira za chaka chatha. bambo ako sakukumbukira pomwe aimika galimoto mmawa uno

Adadi 12:58
ndaipeza

Adadi 13:01
si yathu