Mapiritsi a Madzi a Linval

Lachiwiri, 4 Marichi

Kuchipatala. Ine, amuna anga a Linval, ndi dokotala wamkazi wa magalasi uja. Jakisoni wa miyezi itatu abayidwa. Khansa ya pansi pa chikhodzodzo, chaka chachinayi tsopano, akuti ikugonabe. Chimene chadzuka ndi BP.

Dokotala anati, "Bambo, amuna ambiri a msinkhu wanu amakalowa nayo m'manda khansa imeneyi, koma chowapha chimakhala china. Ine ndikuopa mtima ndi mitsempha yanu." A Linval anaseka, akuti ndiye matenda aulesi, osiyira anzawo ntchito.

Awawonjezera mapiritsi a madzi, otsitsa BP pokodzetsa, limodzi m'mawa uliwonse. Takisi kupita ndi kubwera, madola athu akuno 1,200.

Lachisanu, 7 Marichi

A Egbert amwalira m'mawa. Chibayo. Nawonso anali nayo khansa yomweyi. Pa anthu anayi amene ankasewera masewera a domino pakhonde la shopu, onse odwala nthenda imodzi, atsala awiri: a Linval ndi a Hubert. A Cleveland anagwa m'bafa chaka chatha, kuthyoka chiuno, osadzukanso.

Mapiritsi atsopanowa akuvuta. Munthu kale ankavutika ndi mkodzo, tsopano sapuma. Dzulo anabwera kuchokera kushopu thalauza litanyowa mpaka m'mawondo. Analowera khomo lakuseri. Ndinachapa. 

Lolemba, 10 Marichi

Akuti Lachitatu samwa piritsi. Ndi tsiku lokumba manda a Egbert, ndipo mabuloko a m'katimo amanga iwo, monga amachitira pa maliro onse a mudzi uno chiyambire unyamata wawo.

"Dassa," anatero, "ndizikwera ndi kutsika m'dzenje ngati mbuzi yotsekula m'mimba, anyamata akuonerera? Tsiku limodzi lokha."

Ndavomera. Tsiku limodzi.

Lachitatu, 12 Marichi

Kumanda a banja la a Egbert, kuseri kwa nyumba yawo. Anthu ambiri, nyimbo pachimkuzamawu, msuzi wa mutu wa mbuzi ndi nthochi zosapsa. Anathira mowa wa ramu m'ngodya zinayi za manda asanayambe kukumba. A Linval m'dzenje kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mpeni womangira m'manja, osatuluka.

A Hubert, amene anali atapita kale kuseri kwa nthochi kangapo, anawaweramira nati, "Iwe nkhalamba, lero wamanga mfundo?" Iwo ali pansipo, "Mpope ndatseka, ndipo sipanala sindibwereketsa." Anthu kuseka.

Khoma lowongoka ngati chingwe. Anabwera kunyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ndinali nditaiwala mawu awo oimbira.

Lamlungu, 23 Marichi

Sanayambirenso kumwa. Botolo lili monga linalili pa 11.

Lachinayi ndinaphwanya limodzi ndi supuni, ndi kulithira mu tiyi wa timbewu. Asanamalize kudyetsa nkhuku anali atadziwa kale. Sanakalipe. Kuyambira tsiku limenelo tiyi akudziphikira okha, kapu sakuisiya patebulo. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndikuwaphikira.

Usiku wa Lachisanu anati, "Ndilole ndikhale mwamuna wouma kwa masiku amene atsala. Sindikufuna zaka khumi za ukhanda." Anandilumbiritsa kuti ndisauze mwana wathu Merlene ku Kingston, ndisauze aliyense. Ndinalumbira, dzanja langa lili m'dzanja lawo.

Mapazi atupa. Nsapato za kutchalitchi zakana lero, apita atavala zakumunda. Mutu ukuwawa kunkhongo. Nsomba ya mchere ndikuiviika kawiri, akuti ndikuwadyetsa nsanza.

Lachinayi, 3 Epulo

Agwa m'munda wa zilazi, nthawi ya kadzutsa. Pakamwa papotoka, dzanja lamanja lende. Amuna atatu a pafupi anawanyamula mpaka kumsewu. Thalauza lonse lonyowa. Maso anali otsegula. Anaona kuti onse aona.

Ndinawafunda thaulo.

Lolemba, 7 Epulo

Atisiya dzulo masana. Ndinalipo ine ndi Merlene.

Dokotala wa m'wodi ananditengera pambali. Mtsempha unaphulika m'mutu. Khansa inali pomwe inali, sinasunthe. Anafunsa ngati ankamwa mankhwala a BP. Ndinayang'ana matailosi.

Merlene ali pafoni tsiku lonse, kuuza abale a ku Toronto ndi ku Birmingham kuti khansa yawatenga adadi. Anthu akubwera ndi mawu omwewo, akuti alimbana nayo ngati mwamuna. Ine kugwedeza mutu.

Bokosi tasankha la mtengo wa mkungudza. Mabuloko 90, simenti matumba 6, mbuzi imodzi.

Chipewa chawo chikadali pamsomali. Sindikuchigwira.

Lachitatu, 23 Epulo

Kukumba manda a Linval, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi amayi awo. Mtembo ukadali kumochale, tikudikira abale a kunja. Amanga ndi anyamata awiri a kutsidya. Khoma la kumutu lapindika pang'ono. Akanawagumulitsa.

A Hubert anakhala pachidebe m'mphepete mwa dzenje kuyambira m'mawa, kulozera anyamata ndi ndodo, kumwa mowa, kumwa msuzi. Ndinkawaona. Sananyamuke ndi kamodzi komwe. Nsapato zosamanga zingwe, zidendene ataziponda.

Nditawapatsira mbale anandinong'oneza, "Miss Dassa, mnzanga uja sanapite osandisiyira kanthu. Sipanala ija anandibwereka." Anatsinzina diso limodzi.

Ndinabwerera kumoto. Akazi awo, a Icilda, akuvundula mphika, akundiuza kuti masiku ano bambo achira, zochapa zachepa.

Ine sindilankhula pagulu. Ngakhale kutchalitchi sindipereka umboni. Koma ndinapita kwa mnyamata wa nyimbo kuti azimitse, ndi kuima pamulu wa dothi. Ndinanena kuti a Linval sanafe ndi khansa. Ndinanena za mapiritsi, tsiku limene anasiya, ndi chifukwa chake. Za thalauza ndinanenanso. Zonse zimene ankabisa, ndazinena pamanda awo, anyamata omwe aja akumva.

 Wina anatsokomola. A Hubert anaika mbale pansi osadya, nati, "Munthu sanalowe n'komwe m'manda, mwamuvula kale." Anapita kwawo, akukoka mapazi.

Merlene wadzitsekera m'chipinda. Akuti ndinadziwa milungu itatu, foni ili m'thumba. N'zoona.

Dzuwa lisanalowe a Icilda anabwera, epuloni ikadali m'chiuno. Anatulutsa botolo la mapiritsi a madzi a a Hubert ndi kuliika pa benchi pakati pathu. Lodzaza. Akuti bambo akana, ati aliyense adzafa ndi chake.

Tinakhala pamenepo awiri. Anandifunsa kuti nanga achite bwanji. Ndinangowauza kuti za mu tiyi asayese.