Nkhope ya Nicomedes Pansi pa Kapu

Lolemba, 7 Epulo

Ine Evaristo Mosquera, zaka 78, kuno ku Cali. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, ndiye ndizipita pang'onopang'ono.

Duván, mkamwini wanga, wabweretsa tiasilikali tazidole makumi awiri, tating'ono ngati chala. Loweruka amatimenyanitsa patebulo ndi anzake, akuponya madayisi. Akuti nditipente tioneke ngati akapolo othawa, anthu akuda ngati ife. "Apongozi, ingotiviikani mu penti wakuda, musadzivute." Chitsiru. Zaka makumi anayi ndikupenta ziboliboli za oyera mtima a m'tchalitchi. Munthu wakuda sapentedwa ndi penti wakuda. Pansi wofiira, ngati magazi ouma. Pamwamba wofiirira. Kabuluu pang'ono pamphumi.

Lachitatu, 9 Epulo

Kasilikali kotsiriza, konyamula chikwanje. Ndikupukuta penti patsaya ndi kansalu, ndinangoona nkhope ya Nicomedes. Malemu mng'ono wanga.

Chithunzi chake tilibe, chinapsa ndi nyumba kumtsinje kwathu. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikamukumbukira imabwera nkhope imodzi yokha, ya tsiku lija: anthu amfuti atamumanga padoko, nsagwada itasweka, diso litatsekeka. Lero wabwera wamoyo, ngati akuchokera kokawedza.

Ndamuvundikira ndi kapu kuopa fumbi. Penti wa mafuta, ndi mvulayi, sabata yathunthu kuti aume.

Lachisanu, 11 Epulo

Duván akufuna tonse mawa. Ndamuuza: enawo tenga, ali pansi pa kapuyo usamukhudze, ndi m'bale wanga. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kodi madala, mwakabatiza kale? Bambo wake wa ubatizo ndani?"



Loweruka, 12 Epulo

Ndinapita kukagula nthochi zophika. Pobwera, kapu ili chagada.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, Duván ndi anzake, anthu anayi akuluakulu ndevu pepeya, akukuwa patebulo. Nicomedes ali pakati, tiasilikali tamfuti tamuzungulira. Madayisi gubudu. Duván: "Wafa uyu! Chotsani mtembo!" Kumutola, chala chachikulu pankhope penipeni, n'kumuponya m'bokosi.

Botolo la mowa linali pafupi. Ndinamumenya nalo Duván dzanja lomwelo patebulo, kawiri. Fupa ndinalimva. Magazi pa timapiri ta mapepala ta masewera awowo. Ndikanapitiriza kumutu, ndikulemba zoona, anzakewo akanapanda kundigwetsa.

Yurleidis, mwana wanga, mkazi wa Duván, anaima pakhomo ufa uli m'manja. "Bambo, maso anuwo. Ngati a anthu amfuti aja."

Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri tsiku la padoko lija. Ndinkayesa sanaone.

Lachinayi, 17 Epulo

Duván dzanja m'chikhakha, zala ziwiri zothyoka. Ku polisi wakana kupita. Akuti dzulo anafunsa mkazi wake kuti Nicomedes anali ndani. Yurleidis sandilankhula, mpunga amangosiya pakhomo pa chipinda.

Nicomedes ndamutulutsa m'bokosi. Pankhope patsala chidindo cha chala, chauma bwinobwino. Ndapala, ndayambiranso katatu. Wofiira, wofiirira, kabuluu. Khungu likutheka, ndi lake lenileni. Koma akutuluka mlendo.

Nicomedes, chipsera cha mbedza chija chinali patsaya lamanja kapena lamanzere? Lachitatu lija ndinkadziwa. Sukulu unapitako ndiwe, kulemba sikukuvuta. Tsamba lotsatirali ndalisiya loyera, pensulo ili pakati. Undiyankhe, mphwanga.