Matumba a Mchenga pa Kanjira

Lolemba, 9 Januwale
Komiti ya amalonda yagwirizana. Tiika matumba a mchenga kutsogolo kwa mashopu onse, titsekanso kanjira ka pakati pa shopu yanga ya mabuku ndi ya atelala. Chaka chatha madzi anadzera pamenepo n'kundinyowetsera mashelefu awiri. Ndakweza nawo dzanja. Atcheya akuti tsopano nyengo isinthe mmene ingafunire.

Lachitatu, 11 Januwale
Mamilimita 38 m'botolo langa loyezera mvula. M'shopu mouma gwa. Atelala akufunsa ngati mvulayo ndimaiyeza kuti ndidzaigulitse.

Lachinayi, 12 Januwale
Achemwali anga abwera nsapato zili m'manja. Kwawo, mumsewu wakumunsi, akuti dzulo madzi anafika pakhonde. Zaka makumi awiri sizinachitikepo. Sanadandaule. Angofunsa kumene angapeze njerwa zokwezera bedi la alamu, amene sayenda chidwalireni sitiroko.

Lachisanu, 13 Januwale
Ndabwereka chingwe ndi levulo kwa mmisiri, ndayeza msewu wonse. Kanjira kaja ndiye kanali njira ya madzi yopita ku ngalande yaikulu. Pano akutsata mzere wa matumba athu n'kukhotera kumunsi. Madzi sachepa chifukwa choti anthu avota. Zimenezi ndinaziwerenga kalekale, koma Lolemba lija ndimaganiza za mashelefu.

Loweruka, 14 Januwale
Ndawaonetsa atcheya pepala la miyezo. Sanalitsutse. Akuti chogwirizana anthu ambiri sachimasula munthu mmodzi, ndidikire msonkhano wa pa 28. Wailesi ikuti mvula yamphamvu mawa masana. Atelala anamva zonse, maso ali pa makina awo.

Lamulungu, 15 Januwale
M'mawa ndakweza mabuku apansi pamwamba pa kauntala. Onse sanakwane. Kenako ndayamba kuchotsa matumba pa kanjira. Mchenga wonyowa ndi wolemera kuposa mmene ndimaganizira.

Ndili pa thumba lachisanu, atelala atulukira atavala jekete la kutchalitchi. Andiyang'ana nthawi yaitali. Khoma linalo la kanjira ndi lawo, nsalu za anthu zili m'kati. Avula jekete.

"A Mamilimita, gwirani uko. Msana wanuwo ndi wonyamulira mabuku."

Mvula yayamba 2 koloko. Madzi akudutsa pa kanjira, ofiira, olekeza m'akakolo, kulunjika ku ngalande. Ena ayamba kulowa pansi pa chitseko changa. Achemwali sindinawauze kanthu.